Ndege si minibasi ya ku Limbe, tisamakwiye ikakatera ku Lilongwe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa zomwe ndinaona ku Chileka mu July muja tikuchingamira mwana wanga wamkazi amene amachokera ku Joni. Tsikulo kunali chiperoni chenicheni, nkhungu yokhayokha moti phiri la Michiru silimaoneka n'komwe, ndege tinaimva ikulira m'mwamba kangapo kenako zii. Patapita nthawi ndi pomwe tinamva kuti yakatera ku Lumbadzi. Anthu kukwiya kwake! Bambo wina pafupi nane akuti payiloti wamantha ameneyu, bwanji osangozungulira mpaka kuyere. Mayi wina akuti ndiye kuti anathira mafuta ochepa ngati minibasi basi.

Ine sindinakwiye ayi, mwana wanga anali m'menemo, ndipo mawu a mayi aja ndi amene andipangitsa kuti ndilembe.

Ife tinazolowera za minibasi, dalaivala amathira malita atatu pa filingi, kufika pa Chichiri galimoto yazima, kondakitala watsika ndi chigubu akuthamanga ife tili phee m'katimo kudandaula. Koma kumwamba kulibe m'mbali mwa msewu moti muima kaye. N'chifukwa chake bungwe la ICAO, lija la United Nations lomwe likulu lake lili ku Montreal ndipo Malawi ndi membala, linaika malamulo a mafuta oti ndege yonyamula anthu isanyamuke asanakwane. Pamafunika mafuta oyendera pansi kukafika poyambira kuuluka, a ulendo wonse, owonjezera pafupifupi 5 peresenti ya a ulendowo kuchitira mphepo kapena kukhotetsedwa njira, ena okafikira pa bwalo lina ngati pomwe akupitapo palephereka, ndiye pamwamba pa zonsezo ena oti ndege ya jeti n'kuuluka nawo mphindi 30. Omalizawa si oti payiloti aziwawerengera ayi, akaona kuti akatera atawayamba kale amayenera kukuwa "Mayday fuel" kwa a pa tawa kuti ndege zina zonse zimupatse mpata.

Ndipo zonsezi zimalembedwa ndege isanadzuke. Pali chikalata amati flight plan chomwe chimaperekedwa kwa oyang'anira za m'mlengalenga, nthawi zambiri ola lathunthu isananyamuke, muli njira yomwe adutse, kutalika komwe aulukire, maola a ulendo, anthu ali m'katimo, bwalo lothawirako komanso maola omwe mafutawo angathe kuwasunga m'mwamba. Ndiye kuti zoti kukavuta ku Chileka tikatera kwakuti anali atagwirizana kale akadali ku Johannesburg. Payiloti uja anazungulira mpaka pomwe masamu ake anamulola, akanaonjezera kuti atisangalatse ife odikira pansi bwenzi akudya mafuta okafikira ku Lilongwe.

Okonda mpira akukumbuka za timu ya Chapecoense ya ku Brazil. Pa 28 November 2016 anakwera ndege ya LaMia kuchokera ku Santa Cruz ku Bolivia kupita ku Medellín ku Colombia kukasewera fainolo. Pa flight plan yawo maola a ulendo ndi maola a mafuta anali ofanana ndendende, opanda chotsalira, osaimanso panjira kuti athireko. Atayandikira anauzidwa kuti adikire kaye m'mwamba poti panali ndege ina yomwe imayenera kutera msanga, mainjini anazima, inagwa paphiri bwalo lili pafupi. Anthu 71 anafa, opulumuka 6 okha. Ndikaganiza za makolo a anyamata amenewo mtima umandiwawa mpaka lero, chifukwa ndegeyo inalibe vuto lina isanagwe, anangothira mafuta a chiminibasi omwe mayi aja amanena.

Pomwe ndikudandaula ine ndi pa kampani ya ndegeyo, sinditchula dzina. Maola awiri athunthu panalibe ndi mmodzi yemwe wobwera kudzatiuza kuti abale anu ali bwino, atera kwakuti chifukwa cha nyengo. Gogo wina anali atayamba kale kulira, ndipo simungamunene, chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa mu June 2024 aliyense akamva kuti ndege yabwerera chifukwa cha nkhungu mtima umapita kutali. Kulankhula mawu awiri pa sipika kukanavuta chani?

Pempho lina lipite kwa akuluakulu oona za mafuta m'dziko muno. Mavuto a forex tikuwadziwa, mizere ya pa filingi tagonapo, koma mafuta a ndege aja amati Jet A-1 asamasowe ku Chileka chonde. Akasowa ndege imakakamizika kubwera itasenza ndi mafuta obwererera omwe, imalemera, ndiye zikwama zathu zina zimatsala kapena mipando ina imapita yopanda anthu ndipo mtengo wa tikiti timaulipira ndife.

Mwana wanga anafika madzulo kutayera, atatopa, njala ili thoo, tinakwera takisi kupita kunyumba atatsamira paphewa langa.

Mayi wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre