Lipoti la msonkhano wa za kupweteka kwa msana kwa amayi oyembekezera

Amayi Apampando ndi amayi anzanga nonse,

Munandituma kuti ndikakuyimireni ku msonkhano wa masiku awiri umene unasonkhanitsa azamba, a mafizo (akatswiri othandiza odwala powongola ndi kulimbitsa thupi) ndi anthu ngati ife oyendera amayi oyembekezera m'makomo mwawo. Ndapita, ndabwerako bwino. Ndalemba lipotili kuti amene sadzapezeka pa kukumana kwathu kukubweraku asatsalire, komanso poopa kuti pofotokoza pakamwa ndingadumphe zina.

Ndiyambe ndi kudziulula. Kalata yotiitana inanena kuti tikaphunzira njira zachilengedwe zochepetsera kupweteka kwa msana, ndiye ine ndinasiya tsamba lathunthu m'kope mwanga loti ndikalembepo maina a zitsamba ndi mafuta opaka. Tsambalo labwerako loyera. Masiku onse awiri nkhani inali ya kaimidwe, kagonedwe, kadzukidwe ndi kanyamulidwe ka zinthu, ndipo nthawi yambiri tinaithera pansi osati pa mipando. Za kuchedwa kuyamba ndi kuchepa kwa mapepala ogawa sinditayirapo nthawi. Zofunika ndinakopera pamanja.

Mzamba amene anatsegula msonkhano anapempha kuti amene msana unativutapo tili ndi pakati tikweze manja. Manja anali mbwee. Anati n'zosadabwitsa, chifukwa amayi oposa theka amamva msana nthawi ina ali oyembekezera, makamaka mimba ikayamba kuoneka. Kenako anafunsa kuti ndi angati tinakanena kusikelo. Manja anatsala owerengeka, ndipo langa linali m'gulu la otsika. Ambirife timangoti ndi mmene pakati pamakhalira, munthu apirire, zidzatha akadzachira.

Chimene chimachitika m'thupi anachifotokoza motere. Chiberekero cha mayi amene alibe pakati sichifika n'komwe magalamu 100, koma masiku akamakwana, chokhacho chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Onjezanipo mwana, nsengwa, madzi amene mwanayo amakhalamo, magazi amene achuluka ndi mabere. Mayi wa thupi lapakatikati amaonjezera makilogalamu 11 mpaka 16, ndipo katundu wambiri ali kutsogolo. Kuti asagwe chafufumimba amadzikokera kumbuyo, msana wa m'munsi n'kupindika kuposa kale. Minofu ya pamimba, imene masiku onse imathandiza kugwira msana, yatanuka ndipo yafooka. Komanso pali homoni yotchedwa relaxin, imene pamodzi ndi mahomoni ena imafewetsa mitsempha yomanga mafupa a m'chiuno kuti mwana adzapeze njira. Ndiye kuti katundu akuchuluka pa nthawi yomwe zingwe zomumangira zikukhwefuka.

Pofuna kuti abambo atatu amene analipo amve bwino, wa mafizo anatenga chikwama cha kumsana, anaikamo mabotolo a madzi olemera makilogalamu 10, n'kumuveka mmodzi mwa iwo chakutsogolo. Anaponya kiyi pansi n'kumuuza kuti atole. Bamboyo anawerama mmene amaweramira masiku onse, miyendo ili chiwongokere, ndipo podzuka anagwira m'chiuno nkhope itakwinyika. Tonse tinafa nalo phwete. Anamuuza kuti abwereze, koma ulendo uno atangaze miyendo pang'ono, apinde mawondo, anjute msana uli wowongoka, atole, adzuke ndi mphamvu ya ntchafu. Anadzuka osagwira paliponse. Pasanathe theka la ola anapempha yekha kuti amuvule chikwamacho, ndipo zoti mkazi wake alibe povulira anazinena yekha popanda womukumbutsa.

Mfundo yaikulu imene ndabwera nayo ndi yakuti kugona sikuchiza msana wa mayi woyembekezera. Apa zinandikhudza, chifukwa pa mimba yanga yachiwiri ndinatha pafupifupi milungu itatu ndili pabedi poganiza kuti ndikuupumitsa, koma m'mawa uliwonse ndinkadzuka nditauma kuposa dzulo lake. Minofu yosagwira ntchito imafookerafookera, ndipo mafupa amatsala okha ndi katunduyo. Mu malangizo ake a chisamaliro cha amayi oyembekezera a mu 2016, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalemba kuti kuchita masewera olimbitsa thupi pafupipafupi nthawi yonse ya pakati kumathandiza kupewa kupweteka kwa msana ndi chiuno. Mu 2020 bungwe lomweli linatchula mlingo wake: mphindi zosachepera 150 pa sabata. Zimamveka zambiri, koma ndi mphindi 30 zokha pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo mutha kuzidula kukhala 10 m'mawa, 10 masana, 10 madzulo. Kuyenda ndawala n'kokwanira. Muyeso wake ndi wakuti mpweya ukwere koma muzitha kucheza ndi woyenda naye. Amene ali ndi kosambirira kotetezeka, m'madzi ndiye mwabwino koposa, chifukwa madzi amamunyamulira mimba.

Nthumwi ina inaimirira n'kunena chimene tonse tinali kuganiza: amayi amene timawayendera amagwira kale ntchito kuyambira m'mamawa mpaka usiku, nanga tikawauze kuti awonjezere masewera? Wa mafizo anayankha kuti kutopa ndi kulimbitsa thupi n'zosiyana. Kuwerama malo amodzi ola lathunthu pochapa kapena pokolopa, kunyamula katundu mbali imodzi, kuima pamalo amodzi tsiku lonse kuntchito, zimenezo ndi zomwe zikupweteka msanawo. Mayi wotere sitikamuonjezera ntchito, tikamusinthira kagwiridwe kake, n'kumupatsa mphindi zochepa zowongola thupi. Yankholi linandikhutiritsa. Anachenjezanso kuti mayi amene akutaya magazi, amene nsengwa yakhala potsekereza njira, amene BP yakwera kapena amene anauzidwa kuti akhoza kubereka masiku asanakwane, asayambe masewera aliwonse azamba asanamulole.

Masana tinagwada tonse. Ndinachita manyazi poyamba, mzimayi wamkulu kukwawa pamaso pa anthu, koma ndikukuuzani kuti ndi chinthu chokhacho chimene ndikuchitabe kunyumba ngakhale ndilibe pakati. Mumagwada n'kugwira pansi, manja ali pansi pa mapewa, mawondo pansi pa chiuno. Mimba ikalendewera chonchi msana umapuma kale. Kenako mumakokera mimba m'kati n'kutukula msana ngati mphaka amene waona galu, mutu n'kuusiya ugwe, kuwerenga mpaka 5, n'kubwerera pang'onopang'ono mpaka msana ukhale wathyathyathya. Cholakwa chimene ambiri tinachita ndi kuusiya msana uloŵe pansi pobwerera. Amenewo ndiye mapindikidwe amene tikuthawa aja. Kubwereza ka 10, mosathamanga, osagwira mpweya. Wovutika kugwada akhoza kutsamira khoma mawondo atapinda pang'ono, n'kumakanikiza msana wa m'munsi kukhomako mpaka dzanja lisapeze poloŵa.

Za kagonedwe tinakhalitsapo. Kuyambira milungu 28 mayi azigona cham'mbali osati chagada. Chifukwa chake si msana wokha: chiberekero cholemera chimapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima, ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. Akadzidzimuka usiku n'kupeza kuti wagona chagada, asade nkhawa, angotembenuka. Pilo mmodzi aike pakati pa mawondo kuti mwendo wapamwamba usakokere chiuno pansi, wina wamng'ono kapena thaulo lopinda pansi pa mimba. Podzuka asadzuke chamtsogolo ngati wadzidzimutsidwa. Apinde mawondo, atembenukire cham'mbali mawondo ali ogundana, atsitse miyendo yonse iwiri pamodzi, kenako adzikankhe ndi manja. Tinayeserera pa tebulo mmodzimmodzi, ndipo ndinaona kuti ngakhale azamba ena anadzuka mwa chizoloŵezi chakale asanakumbutsidwe.

Zina n'zazing'ono ndipo mukuzidziwa. Poima nthawi yaitali, phazi limodzi likhale pa kampando kakafupi n'kumasinthanitsa. Pokhala, thaulo lokulunga kumsana wa m'munsi, mapazi onse pansi, osapingasa miyendo, ndipo pakatha theka la ola adzuke ayendeyende. Nsapato za gogoda zidikire. Katundu agawidwe m'manja onse awiri, ndipo potembenuka atembenuke ndi mapazi osati kupotoza chiuno. Mwana woyenda kale amene akulirira kunyamulidwa, mayi akhale pansi n'kumulola akwere yekha pamiyendo m'malo momukhazika pa chiuno mbali imodzi.

Chinthu chimene sindinkachidziwa mpang'ono pomwe n'chakuti ululu umene tonse timangoutcha msana uli pawiri. Wina ndi wa msana weniweni, pamwamba pa chiuno, umene umakula munthu akaima kapena kukhala nthawi yaitali ndipo umakonda madzulo. Wina ndi wa mafupa a m'chiuno, umene umamveka m'munsi, kumbuyo chakumatako kapena kutsogolo pa chinena pamene mafupa awiri amakumana, nthawi zina n'kutsikira m'ntchafu. Uwu umabaya mayi akaponda ndi mwendo umodzi: pokwera masitepe, povala ataimirira, potsika galimoto, potembenuka pabedi. Mayi wotere kumuuza kuti aziyenda mtunda wautali n'kumupweteka. Iye azivala atakhala pansi, aziyenda timasitepe tating'ono, masitepe azikwera imodziimodzi, asatangaze miyendo kwambiri, ndipo akaonane ndi a mafizo msanga. Choncho tikafika pakhomo tisathamangire kulangiza. Tiyambe tamupempha kuti aloze ndi chala pamene pakupweteka, atiuzenso chimene amakhala akuchita pamene pabaya.

Pa za lamba wogwira mimba panali kusiyana maganizo. Azamba ena amamuyamikira chifukwa amayi amati amapepukidwa nthawi yomweyo, makamaka a ululu wa m'chiuno uja, ndipo WHO inamutchula pamodzi ndi mafizo ngati njira zimene mayi angasankhe. A mafizo sanamukane, koma anati avalidwe m'munsi mwa mimba mozungulira mafupa a chiuno, osathina, pa nthawi yoyenda kapena yogwira ntchito, osati kuti alowe m'malo mwa kulimbitsa minofu. Ine ndaima ndi a mafizo.

Kuthowa ndi kusisita anavomereza. Nsalu yoviika m'madzi ofunda kapena botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo liikidwe kumsana mphindi 15 kapena 20, osati pamimba. Madzi osamba akhale ofunda chabe, osati otentha mpaka kutulutsa thukuta, chifukwa kutentha kwa thupi la mayi sikuyenera kupitirira madigiri 39. Wosisita achite ndi chikhatho, mofatsa, mayi atagona cham'mbali kapena atakhala chotembenukira mpando n'kutsamira pilo.

Funso limene munanditumira, la zitsamba, ndinalifunsa ndithu. Yankho linali lachindunji: chinthu kukhala chochokera ku mtengo sikutanthauza kuti n'chabwino kwa mwana wa m'mimba. Pali zitsamba zimene zimachititsa chiberekero kukokana nthawi isanakwane, ndipo mphamvu ya zophikidwa kunyumba palibe amene amaiyeza. Chakumwa chilichonse chochiza, mayi ayambe wafunsa kusikelo. Mapiritsi ogula okha nawonso ali ndi vuto lawo. Ibuprofen, amene ambiri timamudziwa kuti Brufen, ndi diclofenac ndi amene amayi amathamangira msana ukavuta. Mu 2020 bungwe la ku America loona za mankhwala la FDA linachenjeza kuti mankhwala a gulu limeneli asamwedwe kuyambira milungu 20 pokhapokha dokotala atanena, chifukwa akhoza kusokoneza impso za mwana n'kuchepetsa madzi amene amakhalamo. Kuyambira milungu 30 akhozanso kutseka msanga kamtsempha kena ka pafupi ndi mtima wake. Paracetamol ndi amene azamba amayamba naye, pa mlingo umene iwo anena komanso kwa masiku ochepa.

Gawo lomaliza ndi limene linatikhalitsa chete, chifukwa likukhudza ife oyendera m'makomo. Si msana uliwonse woti tiuthowe. Mzamba wina anasimba za mayi wa miyezi isanu ndi iwiri amene abale ake anamuthowa ndi kumusisita usiku wonse, osadziwa kuti matenda a kubereka ayamba. Pofika kuchipatala njira inali itatseguka kale. Ululu umene ukubwera n'kupita motsatizana, mimba ikulimba n'kumasuka, milungu 37 isanakwane, umenewo ndi wothamangira nawo kuchipatala. Chimodzimodzi msana wotsagana ndi magazi, nsupa kusweka, kapena mwana kuchepetsa kusewera m'mimba. Ululu wa mbali imodzi pansi pa nthiti chakumbuyo, thupi likutentha, kunjenjemera ndi kuwawa pokodza, kaŵirikaŵiri ndi matenda a impso, ndipo osachizidwa msanga akhoza kuyambitsa kubereka masiku asanakwane. Mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi ndi kupweteka pansi pa nthiti chakumanja ndi zizindikiro za BP yoopsa ya pakati. Ndipo mayi akanena kuti wachita dzanzi kumatako kapena kumaliseche, miyendo yafooka, mkodzo kapena chimbudzi zikungotuluka kapena mkodzo ukukana, apite tsiku lomwelo, ola lomwelo. Ndikupempha kuti ndime imeneyi aliyense aikopere m'kope mwake.

Pa kukumana kwathu kukubweraku ndikufuna ola limodzi pa ndondomeko kuti tiyeserere tonse, chifukwa izi pongowerenga sizilowa. Aliyense abwere ndi pilo mmodzi ndi thaulo, ndipo avale zoti atha kugwada nazo momasuka. Tidzagwirizanenso ngati tiitane abambo ku maphunziro a amayi amene timawayendera. Ine ndikuti tiwaitane, ndipo chikwama ndi mabotolo ndidzabwera nazo ndekha. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa amayi amsungichuma.

Ine nthumwi yanu.