James Webb sanagwetse chiphunzitso cha Big Bang

Akonzi,

Tipatseniko danga tiwongole nkhani imene yafala pa WhatsApp mpaka kufika m'makalasi a Fomu 4 kuno ku Dedza, yoti telesikopu ya James Webb yatsimikiza kuti Big Bang, chiphunzitso choti chilengedwe chinayamba chili chotentha ndi chothinana kwambiri n'kumafutukuka, ndi bodza.

Chimene chachitika n'chakuti telesikopuyi, yomwe inaulutsidwa pa 25 December 2021, yapeza milalang'amba yakale yowala kuposa mmene akatswiri ankayembekezera, ndiye ena akuti sikanatha kukula chonchi m'nthawi yochepa chotero. Wina ndi JADES-GS-z14-0, umene tikuuona monga unalili chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 290 miliyoni zokha, pa zaka 13.8 biliyoni zimene chakhalapo.

Koma kuwala pakokha kumanyenga. Imani usiku pa Linthipe: kanyali mukukaona uko kangakhale thiraki ili kutali pa M1, kapena tochi ya munthu ali pafupi.

Poyeza mtunda, kamera ya telesikopuyi yotchedwa NIRCam imajambula malo amodzi ndi mafyuluta (zosefera kuwala) angapo. Mpweya wa haidrojeni umameza kuwala kwa mafunde aafupi kuposa mananomita 121.6, ndipo kufutukuka kwa chilengedwe kumatambasula malire amenewa. Muyeso wa kutambasukaku umatchedwa redshift, ndipo umakula chinthu chikakhala kutali. Pa redshift 14 malirewa amatambasuka ka 15, kufika mananomita pafupifupi 1,800, choncho mlalang'ambawo suoneka m'mafyuluta apansi pake. Apa m'pongoyerekeza chabe, ndipo fumbi limasokoneza. Aliyense waonapo dzuwa litafiira mu October chifukwa cha utsi wa moto wa tchire. Fumbi la m'mlalang'amba wapafupi limaufiiritsanso chimodzimodzi, n'kuoneka ngati wakutali. Mlalang'amba wa CEERS-93316 unkaoneka ngati uli pa redshift 16. NIRSpec, chipangizo cha James Webb chogawa kuwala m'mitundumitundu, chitauyeza mu 2023, unapezeka pa 4.9. Fumbi ndi kuwala kwamphamvu kwa okosijeni ndi haidrojeni n'zimene zinapusitsa mafyuluta.

Mtunda ukatsimikizika, funso lina limatsala: chikuwalacho n'chiyani? Kuwala kwambiri sikutanthauza nyenyezi zambiri. Nyenyezi zikuluzikulu zochepa zongobadwa kumene zimaposa miyandamiyanda ya zing'onozing'ono. Mpweya wotentha umene ukugwera mu black hole (malo a mphamvu yokoka yaikulu moti ngakhale kuwala sikutulukamo) umawalanso koopsa, ndipo mlalang'amba wa GN-z11 uli ndi zizindikiro zake. Penanso mlalang'amba wina uli pakati pa ife ndi wakutaliwo umapinda kuwala ngati galasi lokulitsa.

JADES-GS-z14-0 ndi wotambalala mtunda umene kuwala kumayenda zaka zoposa 1,600, zomwe zikusonyeza kuti zikuwala ndi nyenyezi, osati kadontho kamodzi ka black hole pakati. Mu 2025 analengeza kuti telesikopu ya ALMA ku Chile yapezamo okosijeni. Mpweya umenewu umapangidwa mkati mwa nyenyezi, ndiye kuti zina zinali zitabadwa kale n'kufa. Izi n'zodabwitsadi, koma chofunika kuunikanso ndi liwiro limene nyenyezi zoyamba zinkapangikira, osati Big Bang.

Pempho lathu, Akonzi, atolankhani anu akamalemba za mlalang'amba "wakale kuposa yonse", azitiuzanso ngati NIRSpec yautsimikiza kapena ndi zithunzi zokha.

Aphunzitsi a Physics,
Dedza