Lipoti la nthumwi zathu pa msonkhano wa ku Aberdeen, ku Scotland, wa ogwira ntchito za helikopita

A Tcheyamani ndi mamembala nonse,

Munatituma kuti tikamve chomwe chikuchititsa kuti ntchito zizitha mwadzidzidzi m'makampani a helikopita zotengera anthu kumalo okumba mafuta m'nyanja ya North Sea. Tabwerako, ndipo mutu wa nkhani ndi kontirakiti.

Kampani ya helikopita siikhala ndi ndege zake zokha. Zambiri imachita kubwereka kwa zaka zingapo, ndipo lendi imalipiridwa mwezi ndi mwezi, kaya ndegeyo ikuuluka kaya yangokhala. Koma kampani ya mafuta yomwe ikuchita hayala ndegeyo nthawi zambiri imatha kuthetsa kontirakiti pongopereka notisi ya masiku 90, ngakhale pepala litanena zaka zisanu. Mtengo wa mafuta ukatsika, amathetsa n'kuitanitsa ena otchipa. Lendi siichepa, inshulansi siichepa, ndiye mpeni umagwera pa malipiro a anthu.

Zinaoneka poyera pomwe mgolo wa mafuta unatsika kuchoka pa madola oposa 100 m'chaka cha 2014 kufika pansi pa 30 mu Januwale 2016. Kampani ya helikopita ya CHC inathawira kukhoti ku America mu Meyi 2016 kuti itetezedwe kwa eni ngongole. Waypoint, yobwereketsa ndege, inatsatira mu 2018, kenako makampani ena a helikopita: PHI mu Malichi 2019, Bristow mu Meyi 2019. Kampani ya Babcock inagulitsa nthambi yake ya helikopita za kumafuta kwa CHC mu 2021, koma bungwe loona za mpikisano ku Britain linalamula kuti mbali ya ku UK igulitsidwenso. Anthu omwewo, ndege zomwezo, mabwana atatu m'zaka zochepa.

Tinakhalitsa pa nkhani ya mtundu wa ndege, chifukwa ambiri aife timaiderera. Pa 29 Epulo 2016 helikopita ya H225 inagwa ku Turøy, m'dziko la Norway, anthu 13 n'kufa. Giya imodzi m'kati mwa giyabokosi yaikulu inachita mng'alu chifukwa cha kutopa kwa chitsulo, zopukusa za pamwamba n'kuthothoka. Ndege za mtunduwo zinaimitsidwa, ndipo chiletso chitachotsedwa makampani a mafuta a ku North Sea sanazifunenso. Yemwe anali ndi chilolezo cha H225 yokha anatsala manja lende. Ntchito inatsamira pa helikopita ya Sikorsky S-92, yomwe nayonso m'chaka cha 2023 inavutika ndi kusowa kwa zipangizo, makamaka magiyabokosi, moti ndege zina zinkaima miyezi kudikira.

Tsono zoti tichite. Injiniya wa laisensi ya B1.3 (ya injini ndi thupi la helikopita) kapena B2 (ya zamagetsi) asakhale ndi mtundu umodzi wokha wa ndege. Apemphe maphunziro a helikopita zina monga AW139 kapena H175 akadali pantchito, chifukwa kudzilipirira wekha n'kodula. Akumbukirenso kuti posainira ndege kuti yakonzedwa bwino pamafunika kuti wagwira ntchitoyo miyezi 6 m'zaka ziwiri zapitazo. Woyendetsa ndege, mayeso a laisensi ndi a chaka ndi chaka, ndipo ntchito ikatha palibe wokulipirira simuleta, makina oyeserera kuulutsa ndege omwe amachitirapo mayesowo.

Pa malamulo a ku Britain, ndalama ya boma yolamulidwa pochotsedwa ntchito imayamba munthu akakwanitsa zaka ziwiri. Kampani ikafuna kuchotsa anthu 20 mpaka 99 iyenera kukambirana ndi oimira antchito masiku osachepera 30, ndipo akafika 100 ndi masiku 45. Bizinesi ikasamutsidwira kwa kampani ina, malamulo a TUPE, oteteza antchito pa kusamutsako, amasunga malipiro ndi zaka zomwe munthu wagwira. Osasaina kontirakiti yatsopano musanaonetse bungwe la antchito la BALPA (la oyendetsa ndege) kapena la Unite, malinga ndi komwe munalembetsa.

Chomwe chinatidetsa nkhawa kwambiri ndi cha anzathu a viza yantchito. Kampani ikakusiya, a Home Office (unduna wa za m'dziko ku Britain) kawirikawiri amadula viza n'kukupatsa masiku 60 oti upeze kampani ina yokuimira pa viza, apo ayi uzipita. Masiku 60 sakwanira kuphunzira ndege yatsopano. Tikupempha komiti kuti pamsonkhano ukubwerawu tilembe mndandanda wa omwe ali pa viza yotereyi, pamodzi ndi mitundu ya ndege yomwe aliyense ali nayo pa laisensi yake.

Ife nthumwi zanu