Magetsi a galimoto yatsopano akundisowetsa mtendere

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za galimoto yatsopano imene ndinagula ku kampani ina ku Blantyre, yomwe magetsi ake akhala akuvuta mobwerezabwereza. M'mawa imakana kulira, ndipo usiku wina nyali zinazima ndili pamsewu wochokera ku Liwonde, pamene panali anthu ambiri oyenda pansi ndi apanjinga.

Ndikaibweza, amangosintha fyuzi kapena batire, n'kunena kuti vuto ndi kutentha kwa kuno kunyanja. N'zoona kuti kutentha kumafupikitsa moyo wa batire, koma fyuzi ikamapsa kawirikawiri, nthawi zambiri pamakhala waya wosupuka amene akukhudza chitsulo. Batire labwino limasonyeza mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo pafupifupi 14 ikamalira ngati alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire, ikugwira bwino ntchito. Kuyeza zimenezi sikutenga nthawi.

Ndikulangiza anzanga kuti asalole amakanika apadera kudula mawaya isanathe warranty, nthawi imene wogulitsa amalonjeza kukonza galimoto mwaulere, komanso azisunga mapepala onse a ku galaja. Ine ndatengera dandaulo langa ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, chifukwa ndikufuna galimotoyi ikonzedwe kwenikweni kapena andipatse ina.

Wodandaula,
Mangochi