Tisaiwale galimoto zomwe zili kale pamsewu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya mafuta olowa m'malo mwa petulo ndi dizilo. Ine ndine makaniko, ndipo chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akamakamba nkhaniyi amathamangira galimoto zamagetsi, n'kuiwala galimoto zomwe anthu ali nazo kale, zimene ziyendabe zaka zambiri.

Magetsi sindikuwakana ayi. Ku Norway, mu 2024, pa galimoto 10 zilizonse zatsopano, pafupifupi 9 zinali zamagetsi. Koma kumeneko magetsi ndi ochuluka, amachokera kumadzi, ndipo boma linachotsa misonkho yambiri pa galimotozi. Kumene magetsi amapangidwa ndi majenereta a dizilo, wotchaja batire akuwotchabe mafuta omwewo.

Ine mtima wanga uli pa ethanol, mafuta opangidwa kuchokera ku nzimbe. Mafuta atakwera mtengo padziko lonse mu 1973, dziko la Brazil linayambitsa pulogalamu yolimbikitsa ethanol ya Proálcool mu 1975, ndipo kuyambira 2003 kuli galimoto zomwe zimalandira petulo, ethanol kapena zonse zosakaniza m'thanki imodzi. Ubwino wake ndi wakuti ethanol akakhala 10 peresenti mu petulo, injini zambiri zimayenda popanda kusintha kanthu.

Zovuta zake ndimaziona ndi maso. Lita ya ethanol imaperewera mphamvu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi petulo, choncho thanki imatha msanga. Komanso amakoka chinyezi. Galimoto yakale ikaima miyezi, mukatsegula kabuleta mumapeza zoyera ngati choko zitakakamira pansi, mapaipi a labala atauma n'kung'aluka. Koma izi n'zokonzeka: kutsuka, kuika mapaipi opirira ethanol, basi galimoto yabwerera pamsewu. Ethanol wa chimanga, wofala ku United States, ndiye ndimamukayikira, chifukwa chakudya cha anthu chikulowa m'thanki.

Hydrogen, mpweya womwe ungayendetsenso galimoto, ndimusiye kaye: wambiri amapangidwabe kuchokera ku gasi wapansi, ndipo malo omwetsera ndi ochepa kwambiri. Jatropha nayo, mtengo womwe mbewu zake zimatulutsa mafuta olowa m'malo mwa dizilo, inatamandidwa kuti imakula m'nthaka yoguga. Kukula imakuladi, koma mbewu imabereka zochepa, ndipo minda yambiri inasiyidwa.

Choncho ndikupempha okonza ndondomeko za mafuta kuti ayambe ndi ethanol pa galimoto za petulo, magetsi aziike pa njinga zamoto ndi mabasi oyenda mitunda ifupiifupi, ndipo asaiwale kuphunzitsa amakaniko, chifukwa mabatire akuluakuluwa ali ndi mphamvu yokwanira kupha munthu wogwira waya wolakwika.

Ine wowerenga wanu,
Makaniko wa galimoto