Kalata yochokera ku Khon Kaen, Thailand

Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino, ine chifuwa chija chinatha. Mupereke moni kwa onse. Malipiro ndalandira dzana, koma ulendo uno ndalama sizidzera pa foni ya achimwene. Ndatumiza kwa azakhali, mukatenge nokha.

K450,000 ya mu Ogasiti inali ya malata. Ndamva kuti denga likadali la udzu, pomwe achimwene akuyenda ndi sipika yaikulu ndi nsapato zatsopano, n'kumagulira anthu mowa pamsika, ati mlongo wawo ali kunja. Amayi, n'zoona zimenezi? Mvula ili pakhomo, inu mugona pati?

M'phukusi lija ndaikamo kabuku ka Chisomo. Ndi ka nthano za nyama, kofanana ndi kamene ndimaphunzitsira ana kuno. Nthano iliyonse yalembedwa kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chithai. Chithaicho asavutike nacho, makonsonanti ake okha alipo 44, ndipo salekanitsa mawu polemba, mzere umangopita ngati chingwe. Awerenge Chingerezicho mokweza madzulo aliwonse, inu muzimumva. Kabukuko musakasiye pa windo, kanganyowe.

Ndi nthano za Aesop, wosimba nthano wakalekale wa ku Greece, kuno amati nithan Isop. Muli ya kalulu amene anagona panjira chifukwa chopeputsa kamba, mpaka kamba anamupitirira. Ndinawauza ana kuti kwathu Kalulu ndiye katswiri wopusitsa Njovu ndi Fisi, anadabwa kwambiri. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndimangokumbukira agogo akuyamba padangotero, ife tili tonse, titazungulira moto.

Muli inanso ya chule amene anaona ng'ombe n'kufuna kufanana nayo. Anadzitupitsa, n'kufunsa ana ake ngati wafikapo, anadzitupitsanso mpaka mimba inaphulika. Tikafika pamenepo ana amatukumula masaya n'kugwa ndi phwete. Ine sabata yatha kuseka kunandikanika, mumtima munali achimwene ndi sipika yawo. Thukuta langa ndi limene akudzitupitsira, Amayi. Ndimaima kutsogolo kwa ana tsiku lonse m'kutentha kumeneku, chakudya changa ndi mpunga ndi dzira, kuti inu musanyowe.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale akunyengerereni bwanji.

Ana akuno ulemu amaphunzitsidwa ali aang'ono. Akadutsa pamaso pa wamkulu amawerama, popereka moni amaphatikiza manja pachifuwa. Mu Juni, pa tsiku lolemekeza aphunzitsi lotchedwa Wai Khru, anabwera chokwawa ndi mawondo kudzatipatsa maluwa ife aphunzitsi. Ndinalira, ndinakumbukira mmene munkatigwaditsira popereka madzi kwa alendo. Chisomo asasiye kugwada chifukwa mayi ake ali kunja, ndipo asamakadzitame kwa anzake ndi kabukuko. Aziwerenga nawo limodzi.

Achimwene muwauze andiimbire Lamlungu. Ndikufuna lisiti la malata, kapena abweze sipikayo komwe anaigula. Azakhali andijambulire denga Novembala asanakwane.

Ndine mwana wanu,
Mayi a Chisomo