Wayilesi yanu sinafe, vuto lili pa fyuluta

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga ochepa amene timasewera ndi mawayilesi olankhulirana aja a ham, ife amene ma call sign athu (mayina odziwika nawo pa wayilesi) amayamba ndi 7Q, makamaka achinyamata amene angotenga kumene laisensi ku MACRA. Dandaulo lomwe ndikumalimva kwambiri kuno ku Lilongwe ndi loti wayilesi ndinaitanitsayi ndi yakufa, ikungoti shiii basi, munthu mpaka kufuna kuigulitsa motchipa chonsecho pali batani lomwe sanaligwirepo chigulireni, la fyuluta.

Fyuluta ndi imene imanena kuti wayilesi imve malo aakulu bwanji pa bandi nthawi imodzi. Zili ngati zenera la nyumba ya m'mbali mwa msewu wafumbi mu Okutobala, mukatsegula lonse mphepo ilowa inde, koma ndi fumbi lomwe. Phokoso limakula molingana ndi kukula kwa fyuluta, ndiye mukachoka pa 2400 Hz kufika pa 500 Hz limatsika ndi pafupifupi 7 dB, kunena kuti mphamvu yake imachepa pafupifupi kasanu, pomwe siginolo ya Morse ili chimodzimodzi. Nchifukwa chake anzathu a CW, olankhulana ndi Morse, amakhala pa 500 kapena 250 Hz.

Koma apa mpomwe ena amasochera, akangomva zimenezi amayamba kufinya fyuluta paliponse. Ayi ndithu. Mawu a munthu pa SSB, njira imene timalankhulirana ndi pakamwa, amafuna malo, kuyambira cha m'ma 300 mpaka kuyandikira 3000 Hz, ndiye 2.4 kHz (2400 Hz) ndi poyambira pabwino. Tsiku la mpikisano pa bandi ya 20 mita anthu atadzazana, wina wamphamvu akukuphimbani chapambali, tsikirani pa 1.8 kHz, mawu amveka opyapyala osakoma koma call sign muimva. Mukafinya kupitirira pamenepo mungomva kuti pali munthu koma zomwe akunena ayi. Ine ndimati musanafinye nkomwe yambani mwasuntha fyulutayo kuithawitsa kumbali komwe kuli wosokonezayo, batani lake pa mawayilesi a Yaesu analemba SHIFT, pa a Icom ndi Twin PBT, nthawi zambiri zimathera pomwepo.

Amene muli ndi wayilesi ya Icom IC-7300 anakuikirani kale zitatu, FIL1, FIL2 ndi FIL3, pa SSB ndi 3.0, 2.4 ndi 1.8 kHz, pa CW ndi 1.2 kHz, 500 ndi 250 Hz. Nkungodina basi. Mukafuna kumvera masiteshoni a AM pa shortwave ikani 6 kHz.

Za FT8, njira yolankhulirana kudzera pa kompyuta, ndiye zimandiseketsa. Chiyambireni mu 2017 aliyense akuthamangira pa 14.074 MHz, ndipo poti anamva kuti siginolo iliyonse ndi ya 50 Hz yokha, wina amaika fyuluta yopapatiza kenako nkumadabwa kuti pa sikirini pakutuluka masiteshoni awiri okha. Pamenepa amene akumvetsera ndi kompyuta osati khutu lanu, imawerenga onse ali m'kati mwa 3 kHz nthawi imodzi, itsegulireni fyuluta yonse isefe yokha.

China nchakuti fyuluta si mankhwala a phokoso lililonse. M'makomomu masiku ano mwadzaza ma inveta a sola, matchaja otchipa ndi mababu a LED, phokoso lake limagwera pomwepo pali siginolo yomwe mukufunayo, ndiye kaya mufinye bwanji silichoka lonse. Yesani chonchi, ikani wayilesi pa batire, zimitsani meni switchi ndi inveta yomwe. Pakakhala bata dziwani kuti wakuba ali m'nyumba momwemo, yatsani chimodzichimodzi mpaka mumupeze. Nyengo ya mvula nayo ili ndi zake, ziphaliwali zikamang'anima fyuluta ya 250 Hz imayamba kulira ngiii mpaka mutu kupweteka, bola kubwerera pa 500 Hz. Zikayandikira ndiye zulani waya wa eliyo, muzimitse.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe